Njovu ya chitamba chachifupi

Gulu lathu la pa WhatsApp tinalitcha "Tidzapita Liti". Tilimo anayi: ine, Tadala, Yamikani ndi Chisomo, tonse a kalasi imodzi ku koleji ku Zomba. Dzinali linabwera chifukwa cha matenda athu otumizirana zithunzi za malo okongola a m'dziko lathu lomwe lino, zambiri zojambula azungu, kenako wina n'kulemba pansi pake kuti "tidzapita liti?" Zaka zitatu zinatha tikufunsana funso lomwelo.

Tsiku lina Tadala, yemwe amagwira ntchito kubanki ndipo sakonda nkhani zopanda manambala, anatopa nafe. Anati tiyambe chipereganyu, koma chopanda wolandira. Mwezi ukatha aliyense aziponya kangachepe pa foni yake, ndipo wojomba kawiri azitulutsidwa m'gulu popanda kumva mbali yake. Patatha miyezi 14, mu Okutobala wathayu, ndalama zinakwana zoti tikagone masiku awiri kunkhalango ya Liwonde ndi munthu wotionetsa nyama, kenako tikwere Ilala kupita pa chilumba cha Likoma.

Anzangawo ankadziwa kuti kwathu ndi ku Balaka, cha ku Ulongwe. Yamikani ankandiseka kuti, "Aise, iwe za Liwonde usapereke, ukungopita kumudzi." Ndinkaseka nawo. Chimene sankadziwa n'chakuti nkhalango imeneyo ndi imene inandilipirira sukulu. Sindikunena thandizo la bungwe linalake ayi.

Bambo anamwalira ndili Sitandade 5. Kwathu mwana ndi wakuchikazi, choncho katundu yense anagwera amalume, mlongo wawo wa amayi. Chuma chawo chinali bwato, njinga yakapalasa ndi munda umene zaka zina njovu zinkakolola eniake asanalawe ndi chimanga chachiwisi chomwe. Nditasankhidwa mu 2010 kupita kusekondale yogonera komweko, amayi analira kawiri: koyamba ndi chimwemwe, kachiwiri atawerenga pepala la fizi. Amalume sanalankhule zambiri. Anangoyamba kutolera waya wa mabuleki kwa okonza njinga pamsika, wochuluka kuposa njinga imodzi imene anali nayo.

Pa holide ntchito yanga inali yopota. Ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumapanga makhwekhwe, mfundo yake yoti chinthu chikakoka izingomanga, isamasuke. Ndinali ndi zala zabwino, amalume ankatero. Tikatha tinkadutsitsa wayayo pamoto wa udzu kuti asiye kunyezimira. Usiku wopanda mwezi iwo ndi mnzawo wina ankawoloka Shire, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu ankabwera ndi nyama yowamba m'thumba la feteleza: nswala, njiri, nthawi zina nakodzwe. Nyamayo inkagulitsidwa monong'ona, ndalama yake n'kukathera kwa abasala akusukulu. Zoti ntchito imeneyi ili ndi dzina loipa ndinazimva m'kalasi ndili Fomu 2. Kunyumba tinkangoti amalume apita kutsidya.

Ndiye Lachiwiri lija, tikulowa pageti la kum'mwera pafupi ndi tauni ya Liwonde, kanali koyamba munthu wa m'banja mwathu kulowa m'nkhalangomo masana, atalipira, ali ndi lisiti m'thumba. Amalawi timalipira ndalama yochepa pageti poyerekeza ndi alendo akunja, bola uonetse chiphaso. Ndinapinda lisitilo bwinobwino n'kuliika m'chikwama cha ndalama. Lilipo mpaka lero.

Wotionetsa nyama anali bambo wa zaka za m'ma 40, wa ku Machinga konko. Tinkangowatchula kuti a Gaidi. M'galimoto yawo yotsegula m'mbali munalinso banja lina lochokera ku Netherlands, ndiye poyamba ankalankhula Chingerezi chokhachokha. Koma Chisomo atakuwa kuti "Mayo ine, njovu!" bambowo anacheuka, n'kuseka, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse ankachinena kawiri. Cha Chichewa chinkakhala chotalikirapo ndiponso chokomerapo.

Munthu ameneyu ankawerenga dothi ngati nyuzipepala. Ankaimitsa galimoto, n'kuloza pansi kuti mkango wadutsa pano m'bandakucha, waukazi, sumathamanga. Ankaphwanya ndowe ya njovu ndi kamtengo n'kutiuza zimene yadya ndiponso kuti yadutsa nthawi yanji. Mu Okutobala mitengo ya tsanya imakhala itayoyola masamba, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyama zonse zimatsikira kumtsinje. Tinaona njati zitaima ngati msonkhano wa mafumu, mphalapala ziwiri, njiri zikuthamanga michira ili m'mwamba ngati mlongoti wa wailesi, ndi nswala zosawerengeka. Nswala yamoyo, yonenepa, ikukuyang'ana m'maso popanda kuthawa, ndinali ndisanaionepo. Zimene ndinkazidziwa ine zinali zakuda ndi utsi.

Tikumwa tiyi pansi pa mlambe, a Gaidi anatifotokozera mbiri ya malowo. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973. Pofika 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mikango ndi akakwiyo zinali zitatheratu. Anamanga mpanda wamagetsi, analembanso ndi kuphunzitsa asilikali oteteza nyama, amene kumudzi timawatcha a gemu. Akakwiyo anabweretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinali zochuluka kuposa malo, moti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zochokera kuno ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu.

"Koma ntchito yoyamba yeniyeni," anatero, "inali yotola waya. Misampha imene inachotsedwa muno inaposa 30,000."

Mzungu wamwamuna uja anaimba kamluzu. Ine ndinayamba masamu mumtima. Holide zitatu pachaka, zaka zinayi. Mwa misampha imeneyo, ingati inadutsa m'zala zanga? Mwina 200. Mwina kuposa. Tiyi anandikanika kumeza.

Tsiku lachiwiri madzulo tinakwera boti pa Shire. Amene simunafikeko, musanamizidwe, mtsinje umenewu ndi wokongola moti umakusowetsa cholankhula. Mvuu zili mbwee, makutu okha kuonekera. Ng'ona zitayasamula pamchenga. Nkhwazi ikulira pamwamba pa mivumo, dzuwa likufiira cha kumadzulo, kumbali ya kwathu. Ndinaganiza kuti madzi omwewa, cha kumtundaku, amalume ankawawoloka mumdima ndi bwato la mtengo umodzi, pakati pa mvuu zomwezi, chifukwa cha ine.

Kenako tinapeza gulu la njovu zikumwa. Zonse zinaima m'mphepete, kukoka madzi ndi chitamba n'kuthira m'kamwa, kupatula imodzi. Iyoyo inalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kuviika kamwa lenilenilo ngati ng'ombe. Itadzutsa mutu tinaona chifukwa chake. Chitamba chake chinathera pakati, chodukiratu, nsonga yake yopola ngati chitsa.

A Gaidi anazimitsa injini. Anati msampha umene unachita zimenezo sanatchere njovu, unali wa nswala kapena njiri. Mwana wa njovu amapisa chitamba paliponse. Waya ukagwira, iye amakoka, mfundo imamanga, ndipo pakapita masiku chitamba chimaduka. Anatikumbutsa kuti chitamba ndicho dzanja la njovu, ndiyo mphuno, ndicho chikho chomwera, ndipo njovu yaikulu imafuna chakudya choposa makilogalamu 100 patsiku. Iyi inaphunzira kugwada pofuna udzu, n'kumadya nthambi zimene zinzake zagwetsa.

"Ili ndi zaka zingati?" ndinafunsa. Ndilo funso lokhalo limene ndinafunsa ulendo wonsewo.

"Mwina 15, mwina kupitirira pang'ono."

Sindikufuna kukokomeza. M'nkhalango imeneyo munkalowa anthu ambiri ochokera mbali zonse, ndipo palibe angadziwe kuti waya umenewo anapota ndani. Koma zaka zake zinkagwirizana ndi zanga za kusekondale, ndipo mfundo yosamasuka ija ndinkaidziwa kuposa wina aliyense m'botimo.

Mayi wa ku Netherlands uja anali akupukuta misozi. Yamikani, yemwe anaphunzira za chilengedwe ndipo amazikonda ndi mtima wonse, anapukusa mutu. "Anthu ochita zimenezi ongofunika kuwatsekera moyo wawo wonse basi. Afiti."

A Gaidi sanayankhe msanga. Kenako anati, m'Chichewa chokha, osabwereza m'Chingerezi, "Achimwene, lamulo lilipo. Kuchokera 2017 munthu akhoza kupita kundende mpaka zaka 30. Koma otcherawo ine ndimawadziwa. Ena timapemphera nawo mzikiti umodzi, ena ndi a m'banja mwanga." Anayang'ananso njovu ija. "Komanso iyi siinalakwire munthu."

Analiza injini. Usiku umenewo ndinagona m'tenti yokhala ndi bedi lenileni ndi nsalu zoyera, mvuu zikubuula panja, ndipo tulo sindinatione.

Lachinayi tinakwera minibasi kudzera ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay, ndipo Lachisanu m'mawa tinali m'sitima ya Ilala. Nkhalamba imeneyi inapangidwa ku Scotland, inabwera kuno zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Ife tinagula matikiti a pamwamba penipeni, pamene pali bala, mphepo yabwino ndi malo oyala matilesi usiku. Chakumadzulo ndinatsika masitepe kuti ndikaone pansi. Kumeneko ndiye kunali Malawi amene ndimamudziwa: matumba a chimanga, malata, makatoni a sopo, nkhuku zomangidwa miyendo, amayi atagona pakatundu wawo ana ali pamimba, kutentha kwa injini. Zaka khumi zapitazo tikiti yanga ikanakhala ya pamenepo. Pakati pa pansipo ndi pamene ndinasiya chikwama changa panali masitepe ochepa chabe, ndipo amene anandikweza masitepewo ndinkamudziwa.

Tinafika pa Likoma Loweruka. Chilumbachi n'chaching'ono, choti munthu wamphamvu akhoza kuchidutsa wapansi tsiku limodzi, chodzaza ndi milambe, miyala ndi mitengo ya mango. Ndi dziko la Malawi koma lili m'madzi a mbali ya Mozambique, moti mapiri amene umawaona pafupi ukadzuka m'mawa ndi a dziko la eni. Lamulungu tinakapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Ukachiona umadabwa kuti chinyumba chotere chinafika bwanji pakachilumba kotere. Chinyanja cha kumeneko chili ndi kakomedwe kakekake, moti Chisomo anayamba kuwatsanzira mpaka amayi ena ogulitsa mandasi anamuseka kuti alekeretu.

Ndisaname, ndinasangalala. Sindinapite kukalira. Madzi ake ndi oyera moti umaona zala zako za kumapazi uli m'madzi ofika m'khosi. Anatibwereka magalasi osambirira ndipo ndinaona mbuna, tinsomba ta m'miyala tobiriwira ndi tachikasu, tikundizungulira ngati ndine mwala. Tinadya kondowole ndi usipa waiwisi wofutsa mpaka Tadala anamasula lamba. Usiku nyali za asodzi zinkandanda panyanja ngati tauni yoyandama. Kwa masiku awiri njovu ija inandipatsa mpata.

Lolemba m'mamawa ine ndi Yamikani tinayenda kupitirira pamene mchenga wosesedwa wa malo ogona alendo umathera. Kuseri kwa miyala tinapeza mayi wina ndi kamnyamata ka zaka ngati 12, ali m'madzi ofika m'chiuno, akukoka neti ya udzudzu. Inali yobiriwira, ngati zimene timalandira kuchipatala. Atayitulutsa munali tinsomba tosakwana ndi chala chaching'ono chomwe, tambirimbiri, tikuphiriphitha. Kamnyamatako kanali ndi luso. Kankagwira m'mphepete mwa neti mwanjira yoti ngakhale kamodzi kasathawe.

Yamikani anatulutsa foni. "Ona aise. Mawa anthu omwewa azidandaula kuti nsomba zatha. Izi ndiziika pa Facebook, anthu aone."

"Usajambule."

"Bwanji? Neti imeneyi n'njoletsedwa. Ikukokolola ndi ana omwe a nsomba."

"Ndati usajambule, Yami."

Anandiyang'ana modabwa chifukwa ine sindine munthu wokweza mawu. Tinabwerera osalankhulana. Atsikana aja anali pakhonde akumwa tiyi, ndipo Chisomo atafunsa kuti mwayambana chiyani m'mawa uno, ndinakhala pansi n'kunena zonse. Waya wa mabuleki, kuseri kwa nkhokwe, thumba la feteleza, abasala. Ndinawauza kuti digiri imene tinajambulitsa nayo limodzi ku Zomba inayambira pakhosi pa nswala. Zaka zisanu ndi zinayi tikudziwana, ndinali ndisanatchulepo.

Kunali zii. Woyamba kulankhula anali Tadala, ndipo monga mwa khalidwe lake anafunsa kuti fizi inali zingati pa teremu. Nditamuuza anatseka maso, akuwerengetsa kuti zimenezo ndi nswala zingati. Sananene yankho.

Yamikani anati, "Ndiye ukufuna ndinene kuti zinali bwino?"

"Ayi."

"Chifukwa neti ija ikuphadi nyanja. Mwana yemwe uja akadzakula sadzapeza chogwira."

"Ndikudziwa."

"Nanga?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka pano ndilibe lokwanira. Yamikani sananame. Nkhalango ya Liwonde inatsala pang'ono kutha, ndipo anaitha ndi anthu ngati amalume ndi ine, aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka. Mpanda umene unatseka njira ya kutsidya ndi womwewo umene wachititsa kuti amayi azikolola chimanga chawo osagona kumunda ndi zitini zoopsezera njovu. Ndimafuna mikango ija ichulukane. Ndimafuna a gemu agwire ntchito yawo. Chimene chinandikanika n'kuona nkhope ya kamnyamata kaja ikuyenda m'mafoni a anthu a ku Area 47, aliyense akulemba pansi pake kuti umbuli. Tikakhala pamwamba pa sitima timaiwala msanga kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chithunzi sanajambule. Tinsomba tija sitinapulumuke chifukwa cha zimenezo, tinakathera pathandala kapena mumphika. Madzulo ake Yamikani anandigulira Fanta osanena kanthu, ine n'kulandira osanena kanthu. Kwa amuna a msinkhu wathu kumeneko ndiye kukambirana.

Mwezi watha ndinapita kumudzi. Amalume akalamba, mawondo anawatha, ndipo kutsidya anasiya kalekale, chaka chimene ndinapeza ngongole ya boma ya kukoleji, mpanda nawo ukumangidwa. Ndinawapeza pakhonde akusoka dengu. Nditawapatsa shuga ndi sopo, ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa zithunzi. Za Likoma anangoti, "Madzi ambiri." Za nkhalango anazigwira ndi manja awiri, foni ataitalikitsa ndi maso. Malo ena ankawadziwa ndi mitengo yake yokha.

Tinafika pa njovu ija. Ndinaganiza zodumphitsa koma chala chinakana. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Waya sasankha, mphwanga," anatero. "Ife tinkatchera ndiwo. Koma tsiku lina umapeza msampha palibe, kamtengo komwe unamangapo kazulidwa. Umadziwa kuti yapita nawo yaikulu. Usiku umenewo sugona."

"Munkaganiza zosiya?"

"Teremu iliyonse." Anandibwezera foni. "Ndiye iwe unkakhoza. Ukanalephera Fomu 2 nyama zambiri zikanapulumuka."

Anaseka, ine ndinaseka nawo, amayi ali kukhitchini anafunsa chimene chikuseketsa ndipo palibe anawayankha. Kenako anafunsa ngati n'zoona kuti kuli mikango tsopano. Ndinati ilipo, ndinaona mapazi ake. Anafunsa za zipembere. Anafunsa ngati njati zimaimadi osathawa galimoto. Ndinazindikira kuti munthu ameneyu, amene anayenda m'nkhalango imeneyo zaka zambiri mumdima, akukwawa, khutu lili kwa a gemu, sanakhalepo pansi n'kuyang'ana nyama yamoyo mpaka kukhuta.

"Amalume, mvula ikatha ndidzakutengani. Tikalowe."

"Kulowa kuti?"

"Kutsidya. Pageti."

"Pageti? Masana? A gemu akundiona?" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anatola dengu lawo n'kuyambanso kusoka, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Ndikutsanzika madzulo, atandiperekeza mpaka pamsewu, anafunsa motsitsa mawu kuti amayi asamve:

"Kumeneko amavala jekete?"

Ndinawauza kuti avale chilichonse, bola chisakhale chofiira. Ndalama ndayamba kale kuponya kwa Tadala, ndipo wandichenjeza kuti malamulo ndi omwe aja: ndikajomba kawiri, andichotsa. Yamikani wati galimoto adzayendetsa ndiye. Tagwirizana Juni.